Shopu ya Ukalipentala Pakhomo Imayamba ndi Thabwa Louma

*Awa ndi mawu amene mlangizi wa ntchito za manja anayankhula pa msonkhano wa anthu a m'wodi, pomwe ankakambirana za ntchito zimene achinyamata angayambe pakhomo. Tawasindikiza kuti afikenso kwa amene sanapezeke pa msonkhanowo.*

Ndathokoza pondipatsa mpata woti ndiyankhule za ntchito ya ukalipentala, makamaka za mmene munthu angakhazikitsire malo opalira matabwa pakhomo pake ndi kuyamba kupanga zinthu monga mwa kufuna kwa wogula.

Nkhaniyi ndi yathu tonse, chifukwa palibe khomo limene silifuna kalipentala. Mwana akabadwa pamafunika bedi, akayamba sukulu pamafunika desiki, akamanga nyumba pamafunika zitseko, mafelemu ndi denga, ndipo tsiku lomaliza la munthu pamafunika bokosi. Ntchito ilipo. Komabe tonse tawaona achinyamata amene anatenga ngongole ku banki mkhonde, ena anagulitsa mbuzi za makolo, natsegula shopu mokondwera, koma dzinja limodzi litadutsa shopuyo inatsekedwa ngongole ikadalipo. Tikafufuza bwino, ambiri a iwo luso la manja anali nalo. Chimene chinawagwetsa ndi kuyambira kumapeto: anathamangira makina ndi vanishi, naiwala thabwa. Mawu anga lero ndi akuti poyamba konzani pouma matabwa, kenako benchi, kenako buku lolembamo mapangano. Makina abwere pambuyo.

Madzi a m'thabwa

Mtengo ukangodulidwa kumene umakhala wodzaza ndi madzi, moti m'mitengo ina theka la kulemera kwa thabwa laliwisi ndi madzi okhaokha. Madziwo akamachoka thabwa limachepa. Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti silichepa mofanana mbali zonse. M'litali limachepa pang'ono kwambiri, koma m'lifupi limachepa mooneka, ndipo mbali imene inali kufupi ndi khungwa imakoka kuposa mbali imene inali kufupi ndi mtima wa mtengo. N'chifukwa chake thabwa laliwisi limapindika ngati chipande, limapotoka, kapena kung'ambika kumapeto.

Tsono taganizirani chitseko chopangidwa ndi matabwa aawisi mwezi wa Febuluwale. Tsiku lochipereka chimawala, wogula n'kuombera m'manja. Pofika Okutobala dzuwa litatentha, pakati pa matabwa paoneka mipata yolowa chala, loko sakugwiranso, pomwe panalumikizidwa pachita gwedegwede. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwini chitseko sadzanena kuti thabwa linali laliwisi; adzanena kuti mmisiri uja sadziwa ntchito, ndipo mawu amenewo adzafika kumsika, kutchalitchi ndi kumzikiti mmisiriyo asanadzuke.

Choncho malo oyamba kuwakonza pakhomo ndi chisakasa choumitsira matabwa. Chikhale ndi denga losadontha koma m'mbali mukhale motsegula kuti mphepo izidutsa. Matabwa asagone pansi: ikani njerwa kapena mitanda yolimba yokweza mulu masentimita 30 mpaka 45, ndipo maziko akewo akhale olingana bwino, pakuti thabwa limatengera kupindika kwa pomwe lagona. Pakati pa mzere ndi mzere wa matabwa ikani timitengo touma tokhuthala ngati masentimita awiri, totalikirana pafupifupi theka la mita, ndipo kamtengo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka m'munsi. Pamwamba pa mulu tsinjikani ndi zinthu zolemera. Kumapeto kwa matabwa pakani penti yotsala, chifukwa madzi amathawira kumapeto msanga ndipo ming'alu imayambira komweko. Kuyanika matabwa padzuwa poyera, atatsamira khoma, kumaumitsa kunja kokha m'kati mukadali madzi.

Kodi mungadziwe bwanji kuti lauma? Akatswiri amanena kuti thabwa la mipando ya m'nyumba lizikhala ndi chinyezi cha pakati pa 12 ndi 15 pa 100 alionse, ndipo pali kachipangizo koyezera. Amene alibe kachipangizoko asade nkhawa. Sankhani thabwa limodzi m'mulumo, muliyeze pa sikelo, mulembe kulemera kwake ndi tsiku. Sabata iliyonse muziliyezanso. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana, thabwalo lauma monga mmene mphepo ya kwanuko ingaliumitsire. Paini ndi malaina a inchi imodzi amauma m'miyezi yowerengeka m'chilimwe. Matabwa olimba ndi okhuthala amafuna nthawi yotalikirapo. Tanthauzo lake ndi lakuti kalipentala wanzeru amagula matabwa m'nyengo yadzuwa kukonzekera ntchito ya miyezi ya m'tsogolo. Ndalama imene mnzanu akugulira makina, inu igoneni m'mulu wa matabwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyala shopu motsata ulendo wa thabwa

Tsopano tibwere pa shopu yeniyeniyo. Musanakumbe dzenje la nsanamira, tengani ndodo mujambule pansi, ndipo mudzifunse kuti thabwa lidzalowera kuti, lidzadutsa pati, lidzatulukira kuti litasanduka mpando. Ulendo wake uli ndi malo asanu: posungira, podulira, popalira, polumikizira ndi popakira vanishi. Malo amenewa atsatizane, kuti musamanyamule thabwa kubwerera m'mbuyo n'kumagunda anzanu ndi katundu womalizidwa.

Kukula kwa malo kumatengera kutalika kwa matabwa amene mumagwiritsa ntchito. Matabwa a paini ena amafika mafiti 18, omwe ndi mamita asanu ndi theka. Thabwa lotere silingatembenuke m'kachipinda. Ndi bwino kuti podulira pakhale kunja pansi pa denga, pafupi ndi mulu, kuti m'kati muzilowa zidutswa zodula kale. Kwa munthu woyamba ndi zida za manja, malo a mamita anayi m'lifupi ndi asanu ndi limodzi m'litali ndi okwanira, pamodzi ndi kachipinda kokhoma bwino kosungiramo zida usiku. Khomo likhale lalikulu loti kabati yomalizidwa ituluke osapasula.

Mtima wa shopu ndi benchi. Ikhale yolemera, yosagwedezeka popala, ndipo pamwamba pake pakhale pamyaa. Msinkhu wake ulingane ndi mwini: mukaima chilili manja atalendewera, pamwamba pa benchi pafike pa mfundo ya dzanja, zomwe kwa anthu ambiri ndi masentimita 85 mpaka 90. Benchi yaifupi imapweteka msana, yaitali imachotsa mphamvu popala. Iikeni pomwe kuwala kwa dzuwa kumafika cham'mbali, chifukwa kuwala kotere ndiko kumaonetsa mabampu pa thabwa. Pansi pa benchi ndi pomwe mumalumikizira pakhale polingana, makamaka pa simenti. Tebulo lolumikizidwa pa dothi lokumbika limaima bwino m'shopu, koma likafika m'nyumba ya mwini wake limayamba kutsimphina.

Popakira vanishi pakhale kutali ndi fumbi, kumbali imene mphepo imachokera, kuti utuchi usamagwere pa ntchito yonyowa. Pa za moto ndinenepo mosabisa. Utuchi, thinazi ndi vanishi zimayaka msanga, choncho shopu italikirane ndi khitchini, ndipo fodya asasutidwe m'katimo. Nsanza zimene zanyowa ndi mafuta opaka matabwa, monga a linseed, zikaunjikidwa pamodzi zimatha kutentha n'kuyaka zokha. Muziziyanika payokhapayokha panja kapena kuziviika m'madzi. Sesani madzulo alionse. Ndowa ya mchenga ikhale pakhomo.

Kumbukiraninso kuti shopu ya pakhomo ili pakati pa anthu. Pali ana amene amakwawa, pali odwala, pali anansi ofuna kugona. Tchingani malowo ndi mpanda, zida zakuthwa zikhale pamwamba, ndipo gwirizanani ndi anansi za nthawi yoyamba ndi yoweruka. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso limaletsa kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Makina ochekera ndi ntchito yotere.

Zida zoyamba

Zida zoyambira si zambiri: tepi yoyezera, sikweya, pensulo, sowo, puleni, matchizulo atatu kapena anayi osiyana kukula, hamala, chibonga cha mtengo chomenyera tchizulo, choboolera, zopanira ntchito pomata guluu, ndi mwala wonolera. Pa zonsezi musaumire pa sikweya ndi mwala. Sikweya yabodza imanamiza ntchito yonse. Kuti muiyese, igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, mujambule mzere, muitembenuze, mujambulenso pomwepo. Mizere iwiriyo ikasiyana, sikweyayo isiyeni m'sitolo momwemo. Ndipo chida chobuntha ndicho chimavulaza, chifukwa munthu amachikankha ndi mphamvu mpaka chiterereke. Mpeni wa puleni ndi tchizulo zimanoledwa mopendeka madigiri 25 mpaka 30, ndipo kunola ndi ntchito ya tsiku lililonse.

Makina ndi abwino, ndipo nthawi yake idzafika. Koma makina amafuna magetsi odalirika, waya woikidwa ndi wamagetsi wokhala ndi chiphaso, malo aakulu kutsogolo ndi kumbuyo kwake olingana ndi kutalika kwa thabwa, ndiponso ndalama yokonzetsera akawonongeka. Ena mwa makina aakulu amafuna magetsi a mafezi atatu, omwe m'nyumba zambiri mulibe, funsani musanagule. Pamene mukuyamba, n'chanzeru kupita ndi matabwa anu kwa amene ali ndi makina, akupalireni mulipire, inu mudzamalize ndi manja. Mukadzaona m'buku lanu kuti ndalama yolipira kupalitsa pa chaka yayandikira mtengo wa makinawo, pamenepo ndiye mwakonzeka kugula. Mukagula, magalasi oteteza maso, chophimba mphuno ndi zotseka m'makutu zigulidwe tsiku lomwelo. Fumbi la matabwa limawononga chifuwa pang'onopang'ono, mwini wake osazindikira.

Ntchito ya oda

Pali kusiyana pakati pa kupanga mipando yoika pamsewu kudikira wodutsa, ndi kupanga chinthu chimene munthu waitanitsa. Phindu lalikulu la shopu ya pakhomo lili pa ntchito ya oda, pakuti sitolo ya m'tauni singapange kabati yolowa ndendende pakona ya nyumba ya mayi wakutiwakuti, ngakhale mpando wolingana ndi mwana wolumala. Koma ntchito ya oda imafuna mwambo.

Choyamba, pitani mukayeze nokha. Musalandire muyeso wa pafoni kapena wa chingwe chomanga mfundo. Chitseko chodziwika bwino chimakhala mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali, koma nyumba zathu zambiri zinamangidwa ndi maso, ndipo khomo limatha kukhala lotambalala m'munsi kuposa m'mwamba. Yezani pamwamba, pakati ndi pansi. Wofuna bedi mumufunse za matilesi ake ndipo muwayeze: a munthu mmodzi amakhala pafupifupi masentimita 91 m'lifupi, apakati 107, a anthu awiri 137. Tebulo lodyera limakhala lokwera masentimita 75 ndipo mpando wake 45. Yezaninso khomo ndi kanjira kumene katunduyo adzadutse polowa.

Chachiwiri, jambulani chinthucho papepala pamaso pa mwini wake, mulembe miyeso, mtundu wa matabwa, mtundu wa mahinjesi ndi loko, ndi maonekedwe a vanishi. Mikangano yambiri imene imafika kwa a mfumu imayamba ndi mawu akuti “ine ndimaganiza kuti”. Chojambula chimathetsa zimenezo. Kuchokera pa chojambulacho lembani mndandanda wa zidutswa zonse ndi miyeso yake musanadule thabwa ngakhale limodzi. Dulani zazitali poyamba, zazifupi zituluke m'zotsala.

Chachitatu, lumikizani mwaluso. Msomali wokha sugwira mpando umene anthu akhalepo zaka khumi. Miyendo ya tebulo, mipando ndi mafelemu a zitseko zimafuna kuboola bowo m'thabwa limodzi ndi kusema lilime pa linzake, lilimelo likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa thabwa, lilowe mothina, ndi guluu. Musanamate, lumikizani kaye popanda guluu muone ngati zonse zikukhala. Kenako yezani modutsa kuchokera pakona kufika pakona ya tsidya, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana, ntchito yanu yaima bwino. Pa ntchito yaikulu gwiritsani ntchito muyeso wa 3, 4 ndi 5: mbali imodzi masentimita 30, inayo 40, ndipo modutsa pakhale 50. Pamwamba pa tebulo lotambalala musapakhomerere molimba mbali zonse, chifukwa ngakhale thabwa louma limafufuma pang'ono m'dzinja ndi kubwerera m'chilimwe. Lisiyireni mpata wopumira. Ndipo vanishi ipakidwe mbali zonse, ndi kunsi komwe, kuti chinyezi chisalowere mbali imodzi.

Buku ndi mtengo wa ntchito

Amisiri ambiri amatchula mtengo poyang'ana nkhope ya wogula. Njira imeneyo imadya mpamba mwakachetechete. Werengani matabwa ndipo muonjezerepo gawo la zotayika, pakuti thabwa lililonse lili ndi mfundo, ming'alu ndi utuchi. Werengani guluu, misomali, sandipepa, vanishi, mahinjesi, ndalama yonyamulira ndi yopalitsira. Werengani masiku anu ogwira ntchito, mudzilipire ngati mmene mukanalipirira munthu wina. Ikaniponso kangachepe kosungira zida zimene zikutha. Pamwamba pa zonsezi ndi pomwe pakhale phindu.

Lembani m'buku tsiku la pangano, mtengo, ndalama yoyamba imene mwalandira, yotsala, ndi tsiku lopereka katundu, ndipo nonse awiri musayine. Lembaninso kuti mtengowo ugwira masiku angati. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 alionse, ndipo mitengo ya zinthu za m'sitolo inasintha m'masiku ochepa. Mmisiri amene analandira ndalama yoyamba nachedwa kugula zipangizo, anamaliza ntchito ndi ndalama ya m'thumba mwake. Choncho ndalama yoyamba igule zipangizo za ntchito yomweyo, sabata yomweyo. Isagule ndiwo, isamalizire ntchito ya munthu wina. Mbiri yakuti akalipentala ndi anthu a “bwerani mawa” inabadwa pa kusakaniza ndalama kotereku, ndipo wachinyamata amene adzasunga tsiku lake adzapeza makasitomala osawafunafuna.

Matabwa achokera kuti?

Sindingamalize osanena za nkhalango, chifukwa popanda mitengo ntchito yonseyi yatha. Makolo athu ankanyadira mlombwa ndi mbawa, ndipo n'zoona kuti mlombwa suchepa kwambiri pouma ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Koma mitengo imeneyi imatenga zaka makumimakumi kuti ifike pocheka, ndipo tonse tikuona mmene yasowera. Mu 2022 maiko a mu mgwirizano wa CITES anaika mitundu ya mlombwa ndi mbawa ya mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a kunja ayenera kuyang'aniridwa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Ngakhale nkhalango yobzala ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, inavulala kwambiri ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa.

Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndi kukhwimitsa zilango, limafuna chilolezo podula mitengo yachilengedwe ndi ponyamula matabwa. Wogulitsa matabwa usiku pa mtengo wotsika akukugulitsani mlandu. Funsani mapepala, sungani malisiti, ndipo pomwe simukumvetsa pitani ku ofesi ya za nkhalango ya boma lathu lino. Pitaninso ku khonsolo mukatenge chiphaso cha bizinesi. Popanda mapepala otere n'kovuta kupikisana nawo pa ntchito ya madesiki a sukulu kapena mabenchi a chipatala.

Phunzirani kugwira bwino paini, malaina ndi bulugama. Paini ndi wofewa ndipo amafuna mankhwala oteteza ku chiswe ndi kufumbwa. Bulugama ndi wolimba koma amang'ambika akaumitsidwa mothamanga. Malaina ndi opepuka, amapalika bwino ndipo amakula msanga. Wogula muuzeni zoona za thabwa limene mwagwiritsa ntchito. Kupaka paini utoto wofiira n'kumutchula mbawa ndi kuba. Ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika mu Disembala, kalipentala akhale woyamba kunyamula khasu, chifukwa malaina obzalidwa chaka chino ndi matabwa a shopu yomweyo mwana wake akadzakula.

Pempho langa

Kwa achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, ndikuti phunzirani ntchitoyi mokwanira. Bungwe la TEVETA lakhala likuyendetsa maphunziro a ntchito za manja kuyambira mu 1999; sukulu monga Namitete ndi Nasawa zimaphunzitsa ukalipentala, ndipo kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito za manja m'madera. Amene simungafike kumeneko, khalani pansi pa mmisiri wodziwa kwa nthawi yokwanira musanatsegule panu. Awiri kapena atatu mukhozanso kugwirizana pa chisakasa chimodzi choumitsira ndi kugula matabwa pamodzi, mtengo wonyamulira n'kuchepa.

Kwa makolo ndi ogula, ndikuti musamukakamize mmisiri kuti chitseko chituluke mawa pomwe thabwa lachekedwa dzulo. Itanitsani nthawi ikadalipo, funsani kuti matabwa akhala nthawi yaitali bwanji pamulu, ndipo katundu akafika lipirani yotsala msanga, pakuti ngongole zosabwezedwa zatsekanso mashopu ambiri.

Kwa mafumu, a Khansala ndi makomiti athu, ndikupempha kuti pamene chitukuko chikufuna madesiki, zitseko kapena mashelefu, amisiri a m'wodi muno amene ali ndi ziphaso adziwitsidwe nthawi yabwino, kuti akhale ndi mpata woumitsa matabwa ndi kupikisana nawo. Ndikupemphanso kuti makomiti oyang'anira zachilengedwe m'midzi apatsidwe malo a nkhalango za mudzi, ndi kuti akalipentala akhale nawo m'makomitiwo.

Amene akufuna kuyamba, sabata ino asagule kanthu. Ayende pakhomo pake ndi tepi, aone podzakhala mulu wa matabwa, podzakhala benchi, ndi kumene mphepo imachokera, ajambule papepala, ndipo adzationetse tidzakambirane.